OBS Studio pa ntchito yothandizana pa SQL: zimene ndaona m'chaka chimodzi

Ndimakhala pa boma la Dedza ndipo ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta, makamaka ang'onoang'ono osungira kaundula wa magulu a alimi ndi a zamalonda. Kwa chaka chathunthu tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito OBS Studio pojambula zimene zikuchitika pa sikirini ya laputopu yanga, ndipo popeza anzanga angapo a ntchito yomweyi amandifunsa ngati pulogalamuyi ndi yoyenera kuitayira bandulo, ndaganiza zowayankha onse pamodzi. Ndi yoyenera, koma kwa munthu amene ali wokonzeka kukhala nayo pansi tsiku limodzi madzulo n'kuikonza bwino asanayambe kuidalira.

Chimene chinandifikitsa pa pulogalamuyi ndi vuto la mnzanga wina wa ku Ntcheu, amene amasamalira database (kaundula wa pakompyuta) yosungidwa mu pulogalamu ya PostgreSQL, ya gulu la alimi a mbatata ya kachewere la ku Tsangano. Iye ankafuna lipoti losonyeza mamembala onse pamodzi ndi matumba amene aliyense wagulitsa m'mwezi wa Julaye, kuphatikizapo amene sanagulitse kalikonse, koma lipotilo linkangotulutsa okhawo amene anagulitsa. Tinatumizirana mauthenga pa WhatsApp kwa masiku awiri osamvana, iye akunenetsa kuti walemba LEFT JOIN (lamulo la SQL, chinenero chofunsira database, lolumikiza matebulo awiri popanda kutaya mzere wa tebulo loyamba) monga momwe mabuku amanenera, ine ndikunenetsanso kuti LEFT JOIN siingataye munthu. Nditamuuza kuti, "Achimwene, tandionetsani query yonseyo mmene ilili," vuto la mu query (funso lolembedwa mu SQL) linaoneka msanga: malire a masiku a mweziwo anawaika pa WHERE, gawo losefa mizere matebulo atalumikizidwa kale, m'malo mowaika pa ON, gawo lonena mmene matebulo alumikizikire. Mlimi amene sanagulitse amatuluka ndi NULL (kutanthauza kuti palibe kanthu) pa deti, ndipo WHERE ikayerekeza NULL ndi deti lililonse yankho silikhala loona, choncho mzere wa mlimiyo umatayidwa ndipo LEFT JOIN ija imasanduka ngati INNER JOIN, imene imangosunga mizere yopezeka mbali zonse ziwiri. Kulemba zimenezi n'kosavuta, koma mnzangayo anazimvetsa pokhapokha nditamujambulira kanema wa mphindi zinayi, akuona ndi maso ake mizere ikuwonjezeka pamene ndasuntha mawu aja kuchoka pa WHERE kupita pa ON.

OBS Studio ndi yaulere, ndipo ufulu wake ndi weniweni chifukwa imatulutsidwa pansi pa chiphaso cha GPL, kutanthauza kuti ngakhale code yake aliyense angathe kuiwerenga ndi kuisintha. Anaiyambitsa ndi Hugh Bailey mu 2012, ndipo lero imagwira pa Windows, macOS ndi Linux. Siiika chidindo cha dzina lake pa kanema wanu, siidula kujambula pakatha mphindi zingapo, ndipo siifuna kuti mulembetse dzina kapena kukhala pa intaneti pamene mukujambula. Mfundo yomalizayi ndi imene inandikopa kwambiri, chifukwa mapulogalamu ena ojambula sikirini ngati Loom anapangidwira anthu amene netiweki yawo siidukaduka, pomwe Camtasia ndi yogula ndi ndalama zakunja, zimene tonse tikudziwa mmene zikuvutira kupeza. Chimene mumalipira ndi bandulo yotsitsira fayilo yake, imene pa Windows imapitirira ma MB 100, ndipo mukaitsitsa kamodzi mungathe kugawira anzanu pa flash.

Mukangoitsegula koyamba simusangalala nayo. Inapangidwira makamaka anthu oulutsa zinthu pompopompo pa Twitch ndi YouTube, choncho sikirini yake yadzaza ndi zigawo zimene munthu wofuna kungojambula phunziro sazifuna, ndipo pakati pake pamakhala bwalo lakuda lopanda kanthu kufikira mutaiuza chimene ijambule. Zofunika kuzimvetsa ndi ziwiri zokha: Sources ndi zinthu zimene mukujambula, monga windo la DBeaver (pulogalamu yolemberamo ma query) kapena maikolofoni, pamene Scenes ndi kasanjidwe ka zinthuzo pamodzi. Pa malaputopu okhala ndi makhadi awiri a zithunzi, nthawi zina Display Capture, yojambula sikirini yonse, imangoonetsa mdima, ndipo mankhwala ake ndi kusankha mu Graphics settings ya Windows khadi limene OBS iyendere.

Pali phunziro limodzi limene ndinalilipira mokwera mtengo, ndipo wolakwa ndinali ine mwini. Batire la laputopu yanga linafa kalekale, moti magetsi akathima nayonso imathima nthawi yomweyo. Tsiku lina m'nyengo yozizira, nditafunda bulangete monga momwe Dedza amatikakamizira mu Juni, ndinajambula kwa mphindi pafupifupi 40 ndikufotokoza mmene munthu amawerengera zotsatira za EXPLAIN ANALYZE (lamulo loonetsa njira imene query yayendera), kusiyana kwa Seq Scan (kuwerenga tebulo lonse) ndi Index Scan (kudzera pa index, kalozera wa tebulo), komanso chifukwa chake PostgreSQL nthawi zina imasiya index n'kuwerenga tebulo lonse ikaona kuti tebulolo ndi laling'ono. Magetsi anathima ndisanadine Stop Recording, ndipo fayilo yonse inakana kutseguka. Ndinali nditasankha kusunga kanemayo ngati fayilo ya MP4 ngakhale pulogalamuyo imalemba chenjezo pamalo pomwepo. Fayilo ya MP4 yachizolowezi imalemba ndondomeko ya zimene zili m'kati mwake kumapeto kwenikweni, choncho kujambula kukadukira panjira, zithunzi zimakhalamo koma palibe chozitsegulira. Fayilo ya mtundu wa MKV ilibe vuto limenelo, chifukwa imasunga zonse kufikira pamene magetsi anathimira, ndipo mukafuna MP4 mumangopita pa File n'kusankha Remux Recordings, ntchito imene imatha m'masekondi ochepa popanda kuwononga kuoneka kwa kanema. Kuyambira version 30.2 ya mu 2024 muli mtundu wina wotchedwa Hybrid MP4 umene unapangidwa kuti uthetse vuto lomweli, koma ine ndinazolowera MKV ndipo sindinaone chifukwa chosinthira.

Nkhani ya kukula kwa fayilo ndi imene imasiyanitsa munthu wa kuno ndi amene amalemba malangizo ambiri a pa intaneti. Iwo amalimbikitsa zithunzi 60 pa sekondi ndi bitrate (kuchuluka kwa data pa sekondi, kumene kumayezedwa mu kbps) yokwera chifukwa amajambula masewera, pomwe ife tikujambula malemba amene sasuntha kwenikweni. Masamu ake ndi osavuta: kanema wa mphindi 10 pa 2,500 kbps amakwana pafupifupi MB 188, pamene pa 500 kbps amakhala pafupifupi MB 38, osawerengera mawu. Ine ndimatsitsa zithunzi kufika pa 10 pa sekondi, ndimajambula pa 1280x720, ndipo ndimakulitsa zilembo za mu DBeaver ndisanayambe, chifukwa wolandirayo kawirikawiri amaonera pa foni. Laputopu yakale imene purosesa yake imalemedwa ndi x264 (njira yopanikizira kanema) imapepukidwa mukasankha njira ina yotchedwa Quick Sync, ngati ili ya Intel yokhala nayo. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document, chifukwa mukatumiza ngati kanema wamba amapanikizidwanso ndipo chizindikiro cha semicolon sichisiyananso ndi colon.

Pa mawu, pulogalamuyi inandidabwitsa. Nyumba imene ndimachita lendi ili kufupi ndi msewu wa M1, kumene malole opita ku chipata cha ku Mozambique ndi njinga zamoto za kabaza sizipereka mpata, ndipo pafupi pomwepo pali chigayo. Fyuluta ya Noise Suppression, mukasankha RNNoise, imachotsa phokoso losalekeza ngati la chigayo bwino kwambiri ngakhale mukugwiritsa ntchito maikolofoni ya mahedifoni a foni. Mvula yamphamvu pa malata siikwanitsa kuigonjetsa, ndipo tambala wa aneba amalowabe mu phunziro lililonse limene ndajambula m'mawa.

Chimene OBS ilibe ndi podulira kanema. Muli batani la Pause, limene limathandiza mukafuna kutsokomola kapena kudikira query yochedwa, koma mukalakwitsa mawu pakati simungachotse gawolo popanda pulogalamu ina monga Shotcut kapena Kdenlive, zomwenso ndi zaulere. Ilibenso njira yachidule yokulitsira malo amene mbewa yaloza. Amene akufuna kungoonetsa uthenga wa error kwa masekondi 20 asadzivutitse nayo, chifukwa Snipping Tool ya Windows 11 imajambula sikirini ndipo ndi yokwanira pa ntchito yotere.

Ndichenjezenso pa chinthu chimene ambiri a ife sitichiganizira. Display Capture imajambula chilichonse chimene chaoneka pa sikirini, kuyambira mauthenga a m'banja mpaka password imene ili mu fayilo ya connection yolumikizira ku database, ndipo kanema akangolowa m'gulu la WhatsApp simungamubwezenso. Database imene tikuonetsayo muli maina, manambala a foni ndi ngongole za anthu enieni amene sanatipatse chilolezo, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024. Ine ndimagwiritsa ntchito Window Capture kuti kuoneke windo limodzi lokha, ndipo ndili ndi database ina ya maina opeka imene ndimaphunzitsira.

Ndaonanso kuti ena m'gulu lathu la olemba mapulogalamu, ataizolowera OBS, anayamba kutumiza kanema pa funso lililonse, ngakhale limene likanayankhidwa ndi mizere isanu yolembedwa. Query yojambulidwa siikopereka, ndipo wofuna kukuthandizani amakakamizika kuimitsa kanema n'kumalemba chilembo chimodzichimodzi, bandulo yake ikutha. Panopa tinagwirizana kuti wofunsa azitumiza query yolembedwa, kapangidwe ka matebulo ake ndi uthenga wa error, ndipo kanema azibwera pokhapokha pamene chofunika ndi kuona chinthu chikusintha, monga zinalili pa LEFT JOIN ya ku Tsangano ija. Mnzanga uja anaiika pa kompyuta ya gulu lawo mwezi watha, ndipo kanema wake woyamba, wophunzitsa mlembi wa gulu kulowetsa matumba a tsiku la msika, anali wa MB 21.