QGIS patatha chaka: pulogalamu ndi yaulere, mavuto ali kwa osunga seva

Mnzanga wina wandifunsa ngati ndikadagwiritsabe ntchito QGIS, pulogalamu yaulere yojambulira mapu pa kompyuta, poti nayenso akufuna kuyamba kujambula mapu a malo a makasitomala ake. Inde, ndikadali nayo.

Pa kompyuta sindidandaula. Ndinasankha mtundu wa QGIS wotchedwa LTR, QGIS yosamalidwa kwa nthawi yaitali yomwe sasinthasintha pafupipafupi. Imatsegula mafayilo a GPS, zithunzi za setilaiti ndi mapu a OpenStreetMap popanda chovuta, ndipo mapu osindikiza amatuluka oyera. Gary Sherman anayamba QGIS mu 2002, ndipo mpaka lero palibe amene amalipira laisensi.

Chondidwalitsa mutu ndi mapu a pa intaneti. Kampani imene imatisungira mapu pa seva inakonza zoti izilandira mafayilo a mapu a mtundu wa shapefile okha. Tsono shapefile imadula dzina la column (mzere wotsika wa mu tebulo la deta) likapitirira zilembo 10. Column yanga ya "mwini_wa_munda" ikafika kumeneko yasanduka "mwini_wa_m", pomwe mapu amene iwo omwewo anatipangira ndi Leaflet, chida choonetsera mapu pa intaneti, akufunafuna dzina lathunthu. Kasitomala akadina pa munda wake, kabokosi kamatseguka kopanda kanthu. Ndiye foni imayamba kulira. Komanso shapefile si fayilo imodzi, ndi gulu: .shp, .shx, .dbf ndi .prj. Tsiku lina makina awo anataya .prj, imene imathandiza kuika mapu pamalo ake enieni padziko, minda yonse inakapezeka pakati pa nyanja.

Nditawaimbira, anati vuto ndi "pulogalamu yanu yaulereyo". Zinandipweteka kwambiri, chifukwa kuchokera pa QGIS 3.0 mu 2018, pulogalamuyi imasunga mu GeoPackage, fayilo imodzi yosadula maina. Nditawapempha kuti azilandira imeneyo, anati ndi ntchito ina, ndiwonjezere ndalama.

Masiku amene kabokosi kakhala kopanda kanthu ndimaganiza zongogula pulogalamu yolipira, kuti ndikhale ndi womukalipira mmodzi. Mtima ukakhala pansi ndimaona kuti ndalama zimene ndapulumutsa pa laisensi n'zambiri kuposa zimene kampaniyi yandidyera.

Bilu ya kampaniyi ya chaka chamawa yabwera itakwera. Ndawauza kuti ya chaka chonse sindilipira, ndizilipira mwezi ndi mwezi mpaka GeoPackage ilowe. Akakana, ndayesa kale pulogalamu yowonjezera ya QGIS yotchedwa qgis2web, imene imatulutsa mapu okonzeka kuikidwa pa seva wamba yotchipa, ndipo kabokosi kanga kakuonetsa dzina la mwini munda bwinobwino.