Anyamata amene anatiikira DSpace pa laibulale yathu

Anzanga a ku tchalitchi ku Highfield, muno mu Harare, amene mumagwira ntchito m'makoleji mwakhala mukundifunsa za kakampani ka anyamata awiri kamene kanatikonzera webusaiti ya kafukufuku pa laibulale yathu. Yankho langa ndi lakuti atengeni, koma mumange nawo mfundo imodzi musanapereke ndalama.

Vuto lathu linali mabuku a kafukufuku a ophunzira a digiri yachiwiri. Anali mulu m'kachipinda kakumbuyo, ena atadyedwa ndi chiswe, ndipo wowafuna ankayenera kubwera yekha. Anyamatawa sanafune kutigulitsa pulogalamu yawoyawo. Anatiikira DSpace, pulogalamu yaulere yosungira kafukufuku pa intaneti, imene inapangidwa ndi yunivesite ya MIT ya ku America pamodzi ndi HP Labs, nthambi ya kafukufuku ya kampani ya HP, n'kutuluka mu 2002. Ndinawalemekeza pamenepo, chifukwa ngakhale iwo atachoka, wina wodziwa DSpace akhoza kupitiriza.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene anaganizira wophunzira weniweni wa muno mu Harare, uja wowerenga pa foni ali mu kombi ya ku Chitungwiza, bandulo itatsala pang'ono kutha. Masamba a mabukuwo amene tinajambula pa makina a sikana anali olemera moti fayilo imodzi inkamaliza bandulo ya munthu. Iwo anawapeputsa, n'kuwadutsitsa mu OCR kuti kompyuta izitha kuwerenga mawu ake. Tsopano ukalemba "fodya" kapena "Kariba", zotsatira zimachokera m'kati mwa bukulo, osati pa mutu pokha. Anakhala nafe pansi kutiphunzitsa kudzaza Dublin Core, ndondomeko yolembera tsatanetsatane wa buku lililonse: dzina la wolemba pamalo pake, chaka pamalo pake, mutu wosadula. Mnyamata wamng'onoyo ankandibweza mwaulemu ndithu, amvekere, "Mayi, mukaika mayina awiri m'bokosi limodzi, Google Scholar isokonezeka." Ankanena zoona. Google Scholar ndi tsamba la Google lofufuzira zolemba za maphunziro. Ntchito za ana athu zayamba kuoneka kumeneko.

Za magetsi anachitanso bwino. Seva sanaiike mu ofesi mwathu, anaiika kwina kumene sikuzima, choncho magetsi akathima kwathu webusaiti imakhalabe ikuyenda.

Pamene pandipweteka ndi pa chisamaliro cha pambuyo. Tsiku lina bokosi lofufuzira linangosiya kubweretsa kanthu, nthawi ya mayeso, ophunzira atadzaza pa kauntala. Ndinalemba pa WhatsApp, uthenga anauona, koma yankho linabwera sabata itatha. Chinali chinthu chaching'ono cha Solr, pulogalamu imene imayendetsa bokosi lofufuziralo, anachikonza m'mphindi zochepa, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Malangizo olembedwa sanatisiyirenso, zonse zili m'mitu mwawo.

Mtengo anatchula wa madola a ku America, ndipo sunali wodula poyerekeza ndi ntchitoyo. Koma inu mukamalemba nawo pangano, mulembemo kuti vuto likagwa ayankhe pasanathe masiku angati, kuti akupatseni mapasiwedi onse a seva, ndiponso kuti aphunzitse munthu wanu mmodzi kusunga kope la zonse sabata iliyonse. Ife tinachita kuwakakamiza kuti zimenezi zilowe m'pangano la chaka chino.