Uphungu wa malamulo a ntchito pa ofesi ina ku Limbe: pamene wandithandiza ndi pamene waperewera

Ku Limbe, pamwamba pa sitolo ina yoyandikana ndi msika, kuli ofesi yaing'ono imene imapereka uphungu wa malamulo a ntchito kwa anthu ogwira ntchito m'masitolo, m'mafakitale, m'makampani a alonda ndi m'nyumba za anthu. Si kampani ya maloya, ndipo eni ake amanena zimenezi poyera munthu asanapereke ndalama. Ntchito yawo ndi kumvetsera nkhani, kuiyeza ndi zimene lamulo likunena, kulemba makalata ndi kulozera munthu kumene angakadandaule. Dzina la ofesiyi sindilitchula popeza nkhani yanga ndi abwana anga sinathe, koma zimene ndaona kumeneko zingathandize wina aliyense kuyeza uphungu umene angalandire kwina.

Ine ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa nyumba yosungiramo katundu ya kampani ina ku Makata, kumene mabwana ndi atatu a banja limodzi ndipo aliyense amalamula zake. Wamkulu akanena kuti katundu akwezedwe m'galimoto, mwana wawo amabwera n'kunena kuti atsitsidwe, ndipo pamapeto pake amene amakalipiridwa pamaso pa makasitomala ndi ife. Malipiro amabwera tsiku limene abwana akumbukira, Lamlungu timaitanidwa pa foni popanda chenjezo, ndipo katundu akasowa ndalama yake imagawidwa kwa tonse n'kudulidwa pa malipiro. Ndinapita ku ofesiyi nditatsimikiza mtima kusiya ntchito, ndikungofuna kuti andilembere kalata yosiyira yooneka bwino.

Mayi amene anandilandira anakana kulemba kalatayo tsiku limenelo, ndipo pa zonse zimene ndinalipira, kukana kumeneku ndi kumene ndikuona kuti kunali kwa mtengo wapatali. Anandisiya kuti ndilankhule mpaka kumapeto, kenako anatenga pepala, nalemba mzere pakati, n'kunena kuti: "Bambo, tisiyanitse kaye zimene zikukuwawani mumtima ndi zimene zikuphwanya lamulo, chifukwa ku Leba akakufunsani za mbali yachiwiriyi." Kusagwirizana kwa mabwana atatu aja, nkhope zolusa ndi kukondera achibale zinapita mbali yoyamba. Maola, malipiro ndi kudulidwa kwa ndalama zinapita mbali yachiwiri, ndipo ndinadabwa kuona kuti mbali imeneyi ndi imene inatalika, ngakhale kuti ine ndinabwera nditadzaza mutu ndi zamwano zimene ndinanenedwa.

Anayamba ndi maola. Lamulo la Employment Act la 2000 limanena kuti maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, kupatula ovataimu, ndiponso kuti munthu asagwire ntchito masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma kwa maola 24. Ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa pa mlingo wa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, pamene ya tsiku limene munthu amayenera kupuma kapena ya tsiku la tchuthi cha boma imalipidwa kawiri. Ife ku Makata tikagwira Lamlungu timapatsidwa ya minibasi ndi ya chipisi, ndipo tonse tinkaona ngati kumeneko ndi kukoma mtima kwa abwana. Mayiwo anatenga kalendala, nandifunsa masabata amene ndikuwakumbukira bwino, n'kuwerengetsa pamaso panga kusiyana kwa zimene ndinalandira ndi zimene lamulo likanafuna kuti ndilandire. Sanawonjezere tsiku ngakhale limodzi limene ndinalikayikira, ndipo anati tsiku limodzi lonama lingathe kugwetsa masiku onse oona abwana akatulutsa buku lawo la maola.

Pa nkhani ya kudula malipiro ndi pamene ndinaona kuti lamulolo amalidziwa, osati kungoliloweza. Anafotokoza kuti gawo 56 la Employment Act limaloleza bwana kupereka chilango monga chenjezo lolemba, kuimitsa munthu ntchito kwa kanthawi kapena kumutsitsa udindo, koma limaletsa kulipiritsa wantchito chindapusa. Lamulo lomwelo limalola kudula ndalama yolipirira katundu amene wantchitoyo wawononga, ndipo mayiwo sanandibisire zimenezi ngakhale kuti zikuthandiza abwana. Mfundo yawo inali yakuti kugawa mtengo wa katoni yosowa kwa anthu onse, popanda kufufuza kapena kumva mbali ya wina aliyense, n'kovuta kukuteteza pansi pa gawo limeneli, chifukwa palibe amene wasonyezedwa kuti ndiye anawononga. Anafunsanso za kapepala ka malipiro, kamene lamulo limafuna kuti kaziperekedwa nthawi iliyonse ya malipiro, ndi za chikalata chofotokoza mfundo za ntchito, chimene munthu amayenera kuchilandira pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchito. Zonse ziwiri ndinalibe. Za penshoni anangoti ndipite ndekha ku kampani imene imasunga ndalamazo kukaona ngati 10 peresenti ya abwana ndi 5 peresenti yanga zikufikadi, popeza kudulidwa pa malipiro si umboni wakuti ndalama yatumizidwa.

Atafika pa kalata yanga yosiyira ntchito, anachedwapo, ndipo anachita bwino kuchedwapo. Gawo 60 limaloleza wantchito kusiya ntchito popanda notisi ngati khalidwe la bwana lafika poti n'zosamveka kuyembekezera kuti munthuyo apitirize, ndipo kusiya kotereku lamulo limakuwerenga ngati kuchotsedwa. Vuto lili pa umboni. Bwana akachotsa munthu, ndi bwanayo amene ayenera kusonyeza chifukwa chomveka, ndipo gawo 57 limafuna kuti wantchito apatsidwe kaye mwayi wodziteteza pa mlandu wa khalidwe kapena wa kagwiridwe ka ntchito. Munthu akasiya yekha n'kunena kuti anakakamizika, udindo wosonyeza chimene chinamukakamiza umagwera iyeyo. Kalata imene ndinkafuna ine, yothokoza abwana chifukwa cha zaka zimene tagwira limodzi, ikanakhala umboni wabwino kwambiri wa abwanawo, ndipo ndalama ya severance, imene imaperekedwa kwa wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito kapena wochotsedwa mopanda chilungamo, sindikanaiona.

M'malo mwake anandilembera kalata yodandaula, yaulemu koma yotchula masiku ndi ndalama, n'kundilangiza kuti ndisunge kope losainidwa ndi amene walandira. Anatinso ndigule kabuku kolembamo nthawi yolowera ndi yotulukira, ndisamafufute mauthenga a pa WhatsApp oitanira ntchito Lamlungu, ndipo ndisatenge chikalata chilichonse cha kampani chimene sindiloledwa kukhala nacho, chifukwa kutero kungapatse abwana chifukwa chenicheni chondichotsera. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma mayiwo anandichenjeza kuti wa kuchotsedwa ntchito uli ndi nthawi yake: dandaulo liyenera kufika ku Leba, kwa mkulu wa zantchito wa m'boma limene munthu ali, pasanathe miyezi 3 chichotsedwereni, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court, limene lili ndi ofesi muno mu Blantyre. Sanandilonjeze mamiliyoni. Anandiwerengera mlingo wotsikitsitsa wa chipukuta misozi umene uli mu gawo 63, umene ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, n'kumakwera mpaka malipiro a mwezi umodzi pa chaka kwa amene wapitirira zaka 15, ndipo anawonjezera kuti mlandu wa kukhoti umafuna kuleza mtima pamene lendi ndi sukulu fizi sizidikira.

Zoperewera zilipo, ndipo china mwa izo n'chachikulu. Chipinda cholankhuliramo chinagawidwa ndi matabwa osafika kudenga, moti amene akudikira pa benchi amamva zonse, kuphatikizapo dzina la kampani ndi malipiro a munthu. Limbe si dera lalikulu, ndipo munthu amene akudandaula za bwana wake angathe kupeza kuti amene wakhala pa benchi ndi mlamu wa kapitawo wake. Pamene ndinkadikira ndinamva, mosafuna, nkhani ya mayi wina amene ankafotokoza monong'ona za bwana amene amamugwiragwira. Uphungu umene anapatsidwa unali wolondola, wonena za lamulo la Gender Equality Act la 2013 limene limaletsa nkhanza zotere, koma nkhani ngati imeneyo siyenera kumvedwa ndi mlendo ngati ine, ndipo ofesi imene imadya ndalama za anthu pa nkhani zachinsinsi iyenera kumanga khoma lenileni.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Kukambirana konse kunali m'Chichewa chomveka bwino, koma kalata inatuluka m'Chingerezi chokhachokha, popanda kope la Chichewa. Kwa ine zimenezi sizinavute, koma mlonda kapena wonyamula katundu angathe kusaina chikalata chimene sangachifotokoze abwana akamuitanira mu ofesi, ndipo pamenepo n'kosavuta kumuopseza kuti walemba zimene sakuzidziwa.

Ndinaonanso kuti mbali yoyamba ya pepala lija inasiyidwa msanga kwambiri. N'zoona kuti lamulo sililamula bwana kukhala wansangala, koma gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, ndipo kunyozedwa pagulu kobwerezabwereza kungakhale mbali ya umboni wakuti munthu anakakamizika kusiya. Mayiwo anavomera zimenezi nditawafunsa ndekha, koma sanaziyambitse. Chimodzimodzinso za chitetezo: nditatchula za chimbudzi chimene chimakhala chokhoma ndi makatoni ounjikidwa mpaka kudenga, anangotchula lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 n'kupitirira, ngati kuti nkhani imene siwerengeka m'makwacha si yawo. Za bungwe la antchito sananenepo kanthu, ngakhale kuti lamulo la Labour Relations Act la 1996 limateteza ufulu wolowa m'bungwe lotere, ndipo pa malo ngati athu, pamene vuto ndi la tonse, kalata ya munthu mmodzi imamuika poonekera yekha.

Mtengo wa uphungu pa ofesiyi si wotsika kwa munthu wolandira malipiro otsikitsitsa, ngakhale kuti amauneneratu, amalandira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo amapereka lisiti. Kalata imalipiridwa payokha, chinthu chimene chikanayenera kulembedwa pakhomo. Amene wachotsedwa kale ntchito ndipo alibe ndalama asataye masabata akusonkhanitsa ya uphungu, chifukwa kukadandaula ku Leba sikufuna loya kapena mkhalapakati, ndipo ku Legal Aid Bureau kulinso thandizo kwa osauka. Ofesi ya ku Limbeyi imapindulitsa kwambiri munthu amene akadali pa ntchito, amene sanasaine kanthu, ndipo akufuna kudziwa kuti ali ndi mphamvu zotani asanachite chinthu chimene sangachibweze. Woteroyo apite mkati mwa sabata chakum'mawa, popeza Loweruka benchi imadzaza ndipo mayiwo amayamba kufulumira, ndipo atenge chilichonse cholembedwa chimene ali nacho, ngakhale mauthenga a pa foni osonyeza tsiku limene malipiro analowa.