Themomita ya shuga ya ku Kamwala ndi yolondola, koma mzere wake wofiira si wa ku Lusaka

Ndimaphika fudge (maswiti ofewa a shuga, batala ndi mkaka) wa chokoleti wogulitsa kuntchito ndi pa ma kitchen party, n'chifukwa chake ndinagula themomita iyi yoyezera kutentha kwa shuga wowira m'poto pa shopu ina ya ziwiya zophikira makeke ku Kamwala, kuno ku Lusaka. Ndi ija yagalasi yokhala m'chitsulo chathyathyathya, ili ndi kokowekera pamlomo wa poto. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Mukafika nayo kunyumba, yambani mwaiviika m'madzi owira. Yanga inaima pa madigiri 96 a Celsius, alamu anga n'kunena kuti atigulitsa yakufa, tiibweze. Si yakufa ayi. Madzi amawira pa madigiri 100 kumalo otsika a m'mbali mwa nyanja yamchere, monga ku Dar es Salaam. Lusaka ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,280, ndipo ukakwera mamita 300 alionse, madzi amafulumira kuwira ndi digiri imodzi. Ndiye 96 ndi zoona zake za kuno.

Pamene pamasokoneza ndi pa mzere wofiira wolembedwa "soft ball" (pamene kadontho ka shuga wowirayo mukakadonthetsa m'madzi ozizira kamaumbika kampira kofewa), pafupi ndi 116. Mabuku a maphikidwe amati fudge aphulidwe pakati pa 112 ndi 116, koma manambala amenewo ndi a kumalo otsika aja. Kuno mukadikira mpaka pamzerepo, madzi amakhala atauma mopitirira, fudge amalimba n'kumanyenyeka pansi pa mpeni. Chotsanipo madigiri anayi. Ine ndimaphula pa 110, nditasakaniza shuga woyera wa ku Mazabuka, batala, ufa wa koko ndi chitini cha mkaka wa kondensi, ndipo amaduka bwino osamata zala. Kapepala ka m'bokosi sikanenako kanthu za zimenezi, ndipo apa ndi pamene nyenyezi yachisanu yagwera.

Themomitayi imandithandiza kwambiri poto akachoka pamoto. Fudge amafuna azizire osamukhudza mpaka madigiri 43, kenako umutakase ndi mthiko mpaka kunyezimira kuthe. Ukamutakasa adakali wotentha, shuga amaundana timibulu tikulutikulu, wodya amamva ngati mchenga pamano. Amene amayeza ndi kadontho m'kapu ya madzi ozizira amatha kudziwa nthawi yophula, koma nthawi yotakasa amangoganizira pogwira poto ndi dzanja.

Magetsi akathima ndimaphika pa mbaula, ndipo moto wa makala suchepetseka ngati wa sitovu. Madigiri omaliza amakwera mothamanga, ndiye maso asachoke pagalasipo. Tsoka ilo, nthunzi imaphimba manambala, omwenso ndi ang'onoang'ono, moti amayi anga opanda magalasi sawaona n'komwe.

Kokowekera kaja n'kofooka. Pa poto wanga wochindikala, amene ndi woyenera fudge chifukwa sapsereza, kamaterereka, ndimachita kugwira ndi dzanja kuti nsonga isagunde pansi. Komanso ngati mukuphika pang'ono m'poto wamkulu, nsongayo simira mokwanira, imakunamizani.

Potsuka musaiponye m'madzi ozizira idakali yotentha, galasi lingasweke. Isiyeni izizire, muiviike m'madzi ofunda, shuga amasungunuka yekha. Wophika fudge kamodzi pa Khirisimasi, kapu ya madzi ozizira imukwanira. Wogulitsa, amene chitini cha kondensi chikawonongeka phindu la tsikulo lapita, agule, ndipo alembe 110 pakhoma pafupi ndi sitovu.