Tchaja yakale, tchaja yodzizimitsa kapena sola: batire la boti likufuna iti?

Asodzi ambiri a usipa, kuyambira ku Nkhata Bay mpaka ku Msaka, anasiya nyali za parafini n'kuyamba mababu a LED, ndiye nsomba za usiku wonse zikudalira batire la 12V lomwe lili m'bwato la siginala, lonyamula nyali zokopera usipa. Likatha pakati pa usiku, khoka la chilimira limabwerera lopanda kanthu, m'mawa mwini boti n'kumati batire lafa. Koma mabatire ambiri otayidwa padoko amaphedwa ndi katchajidwe.

Musanagule chilichonse, pezani kaye wolakwa ndi kamita koyezera magetsi kaja amati multimeter. Chotsani batire pa tchaja, lipume maola angapo, kenako muliyeze. Likawerenga 12.6V kapena 12.7V ndiye kuti ladzaza. Pa 12.2V lili theka, pa 12.0V latsala pang'ono kutheratu. Ngati latandala pa tchaja tsiku lonse koma likungoima cha pa 10.5V, selo imodzi mwa zisanu ndi imodzi yafa, ndipo palibe tchaja ingalidzutse. Mukatero lumikizani tchaja, muyezenso pamitu ya batire. Nambala izikwera kudutsa 13V mpaka cha pa 14.4V. Ikapanda kusuntha, onani fyuzi ndi zopanira. Nthawi zambiri tchaja imakhala ilibe mlandu, vuto ndi fumbi loyera kapena lobiriwira lija lomwe limamera pamitu ya batire. Litsukeni ndi soda wosungunula m'madzi, mumange zolimba, mupake Vaseline pamwamba.

Tchaja yakale ya thiransifoma, yolemera ndi yong'ung'udza ija, ndi imene mumaipeza m'malo ambiri otchajitsa mabatire kunyanja. Ili ndi ubwino wake, tisainyoze. Ndi yolimba, ikawonongeka mmisiri wapamsika amaikonza, ndipo imakankha magetsi ngakhale m'batire lomwe latheratu. Koma siidziwa kuleka. Batire likadzaza iyo imangopitiriza, mphamvu n'kudutsa 15V, madzi n'kuyamba kubwata. Mukamva batire likutentha ndi kununkha ngati mazira owola, ndiye kuti laphikidwa. La zotsekera pamwamba mutha kulithira madzi a batire, osati a m'nyanja kapena a pamjigo, komanso osati asidi. Lomata losatsegulika likauma lauma basi, mwina n'kutupa. Mpweya wotuluka pamenepo umayaka, choncho fodya ndi machesi zitalikire. Chinanso, tchaja imeneyi imayendera mphamvu ya ESCOM. Magetsi akabwera ofooka, osakwana 230V, nayonso imafooka, batire n'kuchoka lisanadzaze inu mutalipira kale. Ndiye ngati wotchajitsa walumikiza mabatire asanu pa tchaja imodzi, limodzi lodwala limadya gawo la anzake.

Tchaja yamakono yodzizimitsa imagwira ntchito mwanjira ina. Imayamba ndi mphamvu yonse, batire likafika cha pa 14.4V imaima pomwepo n'kumachepetsa pang'onopang'ono, ikamaliza imatsikira cha pa 13.6V n'kumangolisunga lodzaza. Mutha kuisiya n'kukagona. Zambiri sizisamala kufooka kwa magetsi, onani pachikwangwani chake ngati palembedwa 100-240V. Ine pa ziwirizi ndimasankha iyi mosakayika. Koma ili ndi khalidwe lomwe lapusitsa anthu ambiri: batire likatheratu, iyo imakana kuyamba, kanyali kofiira n'kumangophethira. Munthu amabweza tchaja kusitolo kapena kutaya batire, chonsecho zonse zili bwino. Liikeni kaye pa tchaja yakale kwa theka la ola, inu muli pomwepo, kapena mulilumikize ndi batire lina lodzaza, mutu wa + ku mutu wa +, wa - ku wa -. Likakwerako, yamakono ija imalilandira. Siigwirizananso ndi chinyezi kapena mphenzi, ndipo ikapsa, kuikonza n'kovuta.

Apa mpofunika masamu, chifukwa ambiri amagula yamakono koma yaing'ono. Tiyerekeze kuti mababu anu amakoka 5A kwa maola 8. Ndiye kuti 40Ah (5A kuchulukitsa ndi maola 8) yachoka m'batire, ndipo kuti ibwerere pamafunika kuposa pamenepo, mwina 45Ah kapena 50Ah. Katchaja ka 4A kamene anakapangira njinga yamoto kadzafuna maola pafupifupi 12, pamene boti likubwera m'mawa n'kunyamukanso madzulo, magetsi atathimanso pakati. Batire limapita kunyanja losakhuta tsiku ndi tsiku, timiyala toyera timauma pambale zake zamkati, pakapita miyezi yochepa likungosunga theka. Pa batire la 100Ah pezani tchaja yosachepera 10A.

Sola ndiye amakopa chifukwa safunsa ESCOM, ndipo madoko ena mawaya a magetsi sanafikeko n'komwe. Komatu panelo ya 100W pa dzuwa la masana imapereka 5A kapena 6A, tsiku lonse mwina 25Ah mpaka 30Ah. Pa chitsanzo chathu chija sikukwana, pafunika awiri. M'miyezi ya mwera, June ndi July, mitambo imadulanso pamenepo. Musalumikize panelo mwachindunji ku batire popanda kontirola, kachipangizo koyang'anira mphamvu yolowa m'batire, chifukwa panelo payokha imatha kufika 21V ndipo idzaliphika monga tchaja yakale ija. Pamene sola amaposa onse ndi masiku a mwezi wowala, nyali zikamapuma. Batire losiyidwa lakutha kwa sabata kukutentha kwa ku Mangochi kapena Nkhotakota limawonongeka msanga, pomwe lokhala pa sola limadikira mdima lili lodzaza.

Nanga batirelo ndi lotani? La galimoto analipangira kulizira injini kwa masekondi ochepa, osati kuyatsa nyali usiku wonse. Mukamalimaliza tsiku lililonse silikhalitsa, kaya tchaja ndi yabwino chotani. La deep cycle, lija amagulitsira sola, limapirira, bola musalitsitse kudutsa theka. La lithium la mtundu wa LiFePO4 ndi lopepuka ndipo mutha kuligwiritsa pafupifupi lonse, koma mtengo wake ndi wina, ndipo pa tchaja yakale lisafikepo. Lifuna tchaja kapena kontirola yolembedwa kuti lithium. Likawerenga 0V musathamangire kulitaya, kawirikawiri ndi kachipangizo kake kamkati kamene kalitseka kuti lisawonongeke.

Amene muli ndi magetsi pafupi ndi doko, gulani yodzizimitsa ya 10A kapena 15A, muiike pamalo ouma, mawaya akhale aafupi ndi okhuthala. Yakale musaigulitse, idzakuthandizani kudzutsa batire lotheratu. Kopanda magetsi, mapanelo awiri ndi kontirola, ndipo ngati thumba lilola, mabatire awiri osinthana: lina lili panyanja, lina likumalizitsa kudzaza kumtunda.