Bungwe la amalonda kuno ku Mchinji, ndalama ya umembala ikubwerera?

Anthu mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti kodi kulowa bungwe la amalonda lija la pa boma kuli ndi phindu kapena ndi kungotaya ndalama, nde ndati ndilembe kamodzi basi aliyense aziwerengera yekha. Ine ndimapanga chiponde ndi nsinjiro pa Kamwendo, ndimapereka m'magolosale apa ndi pa boma, pang'ono ku Lilongwe. Ndine membala ndipo chaka chino ndalipiranso. Nyenyezi zanga ndi zitatu pa zisanu.

Tisasokoneze kaye. Lomwe mumalimva pa wailesi likudandaula za kusowa kwa forex ndi mafuta lija ndi MCCCI, bungwe lalikulu la amalonda a dziko lonse, likulu lake lili ku Chichiri ku Blantyre ndipo ndi lakalekale, linayamba 1892 nthawi ya atsamunda, ndi lomwenso limakonza Trade Fair, chionetsero cha zamalonda cha ku Blantyre chija. Lathu la kuno ndi kabungwe kathu tokha amalonda a m'boma lino, ofesi yake chipinda chimodzi, tebulo, kompyuta ndi mlembi mmodzi amene kunena zoona ndi amene akunyamula bungwe lonse pamutu.

Chomwe ndinapindula kwambiri ndi nkhani ya ku boda. Ife a ku Mchinji Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe, msika ulipo, koma ambirife timaopa geti ngati kuli mkango, tikangomva mawu oti kasitomu basi mtima phaa tikufunafuna wakabaza woti atidutsitse njira za m'tchire usiku, katundu akagwidwa kulira kokhakokha. Bungweli linatisonkhanitsa nkutifotokozera za ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono imene amaitcha STR, ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Mwachidule, ngati katundu wako sakupitirira madola 2,000 ndipo ali pa mndandanda umene Malawi ndi Zambia anagwirizana, sukufunika ejenti, umalemba fomu yachidule ndi kachiphaso kosonyeza kuti katunduyo ndi wopangidwa kuno, ndipo duty sulipira. Osamva molakwika, misonkho ina ngati VAT itha kukhalapobe, komanso mbewu zina monga chimanga zimafuna chilolezo cha unduna wa zamalonda musanatulutse, ndiye musangonyamula matumba nkumati a bungwe anati ndi zaulere. Pa boda pomwepo pali desiki ya munthu wothandiza kulemba mafomuwa. Ndipo chitsegulireni boda yatsopano ya Mchinji ndi Mwami mu 2022, yomwe maofesi a maiko onse awiri ali malo amodzi, sukuyeneranso kufola mbali ino kenako kukafolanso mbali inayo. Zonsezi zinalipo kale eti, koma panalibe wotiuza mu Chichewa chomveka. Mlembi uja anakhala nane pansi mpaka tinalemba limodzi fomu yoyeserera, ndipo tsiku loti ndiwoloke anali pa foni kundifunsa kuti zikuyenda bwanji amayi. Pa ichi chokha ndalama yanga inabwerera.

Chachiwiri ndi mapepala a bizinesi. Kulembetsa dzina la bizinesi, kutenga TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA, ndi njira yofikira ku Malawi Bureau of Standards (MBS). Anzanga a chiponde mvetserani apa, shopu yaikulu siingakulandireni botolo lopanda chizindikiro cha MBS ngakhale chiponde chanu chikome bwanji, ndipo chomwe chimatigwetsa ambiri ndi chuku. Mtedza woumitsa pa dothi, wonyowetsa ndi madzi kuti usavute kusenda, kapena wosunga m'chipinda chachinyezi, umakhala ndi poizoni uja wa aflatoxin, maso saona koma ku labu amamupeza. Anatibweretsera mlangizi amene anatiphunzitsa kusankha mtedza ndi kuyanika bwino, kuchokera pamenepo ndinasiya kugula kwa mavenda osawadziwa, ndimagula kwa alimi a kalabu aku Kapiri amene ndimawaona mmene akuyanikira. Mtengo wake ndi wokwererapo koma mtima uli m'malo.

Tsopano zondinyansa. Ngati mukulowa poganiza kuti mupeza ngongole, khalani pansi. Bungweli lilibe ndalama yobwereketsa, lingokulemberani kalata yoti ndinu membala nkukulozerani ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kapena ku banki, kumeneko mukayambira pamzere ngati wina aliyense ndipo chikole akufunabe. Vuto ndi loti polemba mamembala atsopano ena mwa akomiti amalankhula ngati ngongoleyo ili m'thumba mwawo, amayi ambiri a ku Mkanda analowa chifukwa cha zimenezo ndipo pano sabweranso ku misonkhano. Kunena zoona pachiyambi kukanathandiza.

Misonkhano nayo mmm. Amaitanira ku loji pa boma, kunena 9 koloko kuyamba cha m'ma 11, wolankhula wachokera ku Lilongwe ndi projekita yake chizungu chokhachokha, ife tatseka mashopu talipira transipoti tokha. Ukayang'ana kutsogolo akhala ndi mabwana a maholoselo ndi a malole, nkhani zake za makontena ndi madola, pomwe ife vuto lathu ndi mabotolo ndi malebulo amene anakwera mtengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo sanatsikenso, kuphatikizapo magetsi kuzima mtedza uli m'makina. Ndinapempha kuti tiziika ndalama pamodzi tizioda mabotolo ngati gulu kuti atsikeko mtengo, anawomba m'manja, analemba mu maminitsi, mpaka lero zii. Sindikuti akuluakuluwo ndi oipa ayi, iwo ndi amene amalipira yambiri ndipo akapita kukalankhula ku khonsolo za ziphaso zamsika kapena za zinyalala amawamvera msanga kuposa ine. Koma komiti yopanda ngakhale mmodzi wa ku Waliranji kapena wogulitsa pa benchi siingadziwe chomwe chikutiwawa.

Za Trade Fair anayesetsa. Tinasonkherana sitandi imodzi anthu angapo, wa uchi, wa mafuta a mpendadzuwa ndi ine, chifukwa wekha sungakwanitse, Blantyre ndi kutali abale, udutse Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi makatoni ako. Zogulitsa pompo sizinabweze ndalama ya ulendo ndi malo ogona, koma ndinapeza manambala a anthu awiri amene mmodzi akuodabe mpaka pano. Chomwe chinalakwika ndi choti anatiuza mochedwa, malebulo ndinasindikiza mothamanga ndipo anatuluka otuwa.

Gulu lawo la WhatsApp ndi lothandiza pa mitengo ya soya ndi mtedza komanso akasintha malamulo ku boda, mungopirira mauthenga a m'mawa wabwino ndi maliro a anthu osawadziwa.

Nde kwa amene mukupanga katundu wanuwanu, kapena mukufuna kuyamba kuwoloka ku Chipata mwa malamulo, lowani, ndipo muzipita ku ofesi pakati pa sabata mukakumane ndi mlembiyo osati kudikira msonkhano waukulu. Tengani chitupa cha unzika ndi mapepala aliwonse a bizinesi amene muli nawo. Amene muli ndi hokala kapena benchi ya tomato pa msika, pakadali pano banki m'khonde yanu ikuthandizani kuposa bungweli. Ndalama ya umembala amalandira pa Airtel Money ndi Mpamba, koma muumirire risiti ya pepala, ya chaka chatha ndinachita kuilondola.