Kulipira waganyu: pa tsiku kapena pa ndime?

Njira ziwirizi zimapangitsa munthu yemweyo kugwira ntchito mosiyana, chifukwa aliyense amalimbikira chimene chimamubweretsera ndalama.

Ukalipira pa tsiku, waganyu alibe chothamangira. Kaya apalire mizere 10 kaya 30, malipiro ndi omwewo, ndiye mwini munda amayenera kukhala pompo kuyang'anira. Ubwino wake ndi wakuti ntchito yofuna chifatse, monga kuthira feteleza phando ndi phando, imayenda bwino.

Pa ndime zinthu zimatembenuka. Mukagwirizana mtengo wa ndimeyo, munthu amalawirira m'bandakucha, mwina kubwera ndi ana ake, kuti amalize msanga akagwire ina. Koma liwiro limadya ubwino wa ntchito: udzu amangoukwirira osauzula, mvula ikagwa umaphukanso. M'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene kulemera kwa masamba othyoledwa kumakhudza malipiro, akapitawo amayang'ana m'madengu kuti anthu asadzazemo masamba okhwima.

Ine pakupalira ndimasankha ndime, chifukwa Disembala udzu sudikira munthu. Koma ndimayamba ndayendera mizere ndisanapereke ndalama, ndipo ndime ya udzu wambiri ndimaikweza mtengo tisanayambe.